"Gosto de ler": chiganizo chakhoza, koma mwana wanena chiyani?

M'makalasi a zilankhulo ziwiri ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, phunziro la Chipwitikizi lonena zimene mwana amakonda kuwerenga limathera kawirikawiri pa kamawu kamodzi: "de". Mwana akati "gosto ler", aphunzitsi amamukonza, kalasi yonse n'kumabwereza "gosto de ler" mpaka nthawi kutha.

Kukonzako n'koyenera, koma cholakwikacho chili ndi gwero lake. M'Chinyanja mneni "kukonda" safuna kamawu kolumikizira: "ndimakonda kuwerenga". Mwanayo akungotsata kamangidwe ka chilankhulo cha kwawo. Ziganizo ziwirizi zitalembedwa pabolodi moyandikana, kusiyana kwake kungaoneke msanga.

Vuto lalikulu n'lakuti phunziroli limayesa galamala, osati maganizo. Mwana amene sanagwirepo buku lina kupatula la m'kalasi angasankhe chiyani? Amangoloweza yankho la mnzake. Ndi bwino ayambe wafotokoza m'Chiyao, m'Chimakuwa kapena m'Chinyanja nthano imene imamusangalatsa ndi chifukwa chake, kenako aphunzire "prefiro" ndi "porque". Akafika potha kumaliza chiganizo cha "porque" payekha, ndiye kuti Chipwitikizicho chayamba kunyamula maganizo ake.