Kusankha Kanema Wokambirana ndi Achinyamata a Mpingo

Mphunzitsi amene watuluka m'koleji natumizidwa ku Mzimba, ku Embangweni, ku Jenda, ku Champhira kapena ku Edingeni, sakhalitsa asanasenzedwe katundu wina amene sanalembedwe m'kalata yake ya ntchito. Akulu a mpingo, poona kuti iye ndiye wozindikira za ana pamudzipo, amampatsa gulu la achinyamata kuti azilitsogolera. Kale kanema anali kufuna galimoto, injini ndi chinsalu chachikulu. Lero chipangizo chaching'ono chokoka moto wa dzuwa chikwanira. Chotero bvuto siliri pa kupeza kanema ai, koma pa kusankha. Wosankha molakwa angathe kutaya madzulo a ana makumi anai, ndipo choopsa koposa, angathe kuwabzala mantha ndi chidani m'dzina la Mulungu.

Mphamvu ya chithunzi inaoneka kalekale m'maiko ano. M'chaka cha 1854 David Livingstone anaonetsa zithunzi za nyali kwa mfumu Shinte ya Alunda. Choyamba chinali cha Abrahamu atatukula mpeni pa Isake, ndipo pamene chithunzicho chinasunthidwa, akazi anathawa, poyesa kuti mpeniwo ulinkudza kwa iwo. Mwini nyali anafuna kuphunzitsa chikhulupiriro, koma oonawo anaona mpeni. Nkhani imeneyi siitanthauza kuti anthu aja anali opusa. Itanthauza kuti chimene woonetsa afuna kunena ndi chimene woona atenga sizikhala chimodzi nthawi zonse.

Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la International Missionary Council linayesa kupanga makanema ophunzitsa Aafirika, m'ntchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndipo galimoto lao linafika ndi ku Nyasaland komwe. Kuyambira 1948 kufikira 1963 Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, inapanga makanema a maiko atatu a chigawo chino. Ambiri mwa iwo anali a mtundu umodzi: munthu wanzeru amvera mlangizi wa boma nalemera, mnzake wopusa akana nasauka. Kanema wotere sasiya kanthu koti anthu akambirane, pakuti yankho laperekedwa funso lisanafunsidwe. Chilema chomwechi chiri m'makanema ambiri amene lero achedwa achikhristu. Pamalo pa mlangizi wa boma aikapo mbusa, koma mapangidwe ake ndi omwe aja.

Tsono muyeso wa kanema wokambirana ungakhale wotere. Choyamba, akhale woona pa za moyo wa anthu, kuti woona azindikiremo kwao. Chachiwiri, mukhale munthu amene ali pa mphambano, wokokedwa ndi zinthu ziwiri zimene zonse ziri ndi kulemera kwake. Chachitatu, achinyamata amve chinenero chake, kapena nkhani yake itsatike ndi maso. Chachinai, asaloze chala munthu wosatha kudziteteza. Makanema anai odziwika ayesedwa pansipa ndi muyeso umenewu.

Woyamba ndiye Jesus, wa chaka cha 1979, wojambulidwa ku Israel potsata Uthenga wa Luka, ndipo wosewera ngati Yesu ndi Mngelezi Brian Deacon. Ameneyu wamasuliridwa m'zinenero zoposa chikwi, kuphatikizapo Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo ubwino wake waukulu uli pamenepo: mwana wa kwa Mzukuzuku amva Yesu alikulankhula chinenero cha amai ake. Ubwino wina ndi wakuti satalikira malembo, kotero kuti gulu lingathe kuona chigawo chimodzi, nkutsegula Luka, ndi kulinganiza. Koma ngati kanema wokambirana ali ndi zofooka ziwiri. Ali wautali, monga maora awiri, ndipo wotsogolera wosachenjera amuonetsa yense, nabalalitsa ana tulo tiri m'maso. Komanso anapangidwa kuti aitane munthu kutembenuka mtima, osati kuti autse mafunso. Achinyamata amaopa kutsutsa chiri chonse m'menemo, poganiza kuti kutsutsa kanemayo ndiko kutsutsa Baibulo. Njira yabwino ndiyo kumdula zigawo. Nkhani ya Zakeyu yokha, kapena ya Msamariya wachifundo, ikwanira madzulo amodzi. Ndipo funso limodzi liyenera kufunsidwa poyera: kodi nkhope imene yaonekayo ndi ya Yesu, kapena ya munthu wolembedwa ntchito? Luka sananene za maonekedwe a nkhope ya Ambuye. Ana a kuno ayenera kudziwa kuti khungu ndi tsitsi zimene aona zinasankhidwa ndi opanga kanema.

Wachiwiri ndiye End of the Wicked, wa ku Nigeria, wa chaka cha 1999, wotuluka m'manja mwa mlaliki Helen Ukpabio. Iye aimira gulu lalikulu la makanema a mtundu wake amene amaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo pa misika. Muli mapemphero ambiri, dzina la Yesu lichulidwa kawirikawiri, ndipo pomaliza oipa agonja. Mwa maonekedwe ndi wachikhristu ndithu, koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayu aonetsa ana aang'ono akutengedwa usiku kumka ku msonkhano wa mfiti, nabwera kudzaononga makolo ao, ndipo anthu ambiri oteteza ana anamdzudzula kuti anathandiza kufalitsa mchitidwe wonenera ana ufiti m'dziko lakelo. Kuno nkhani yotere si nthano. Lamulo la chaka cha 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, komabe m'mwezi wa Januwale 2016 okalamba anai anaphedwa ku Neno atanenezedwa kuti ndiwo anatuma mphenzi. Mphunzitsi amene aonetsa kanema wotere adziwe kuti m'kalasi mwake mawa muli mwana wamasiye, mwana wodwala khunyu, mwana wokhala ndi agogo ake okha, ndipo anzake adzayamba kumyang'ana ndi diso lina. Kanemayu alephera muyeso wachinai kotheratu, ndipo alephera wachiwirinso, popeza mwa iye choipa chiri chonse chichokera kunja kwa munthu, ndipo palibe amene afunsidwa kuyang'ana mumtima mwake. Sayenera kuonetsedwa.

Wachitatu ndiye Neria, wa ku Zimbabwe, wotuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake inachokera kwa Tsitsi Dangarembga, woongolera anali Godwin Mawuru, ndipo woyimba Oliver Mtukudzi asewera ngati mlongo wake wa Neria. Neria ndi mwamuna wake Patrick amanga banja lao m'tauni ndi thukuta la onse awiri. Patrick afa pangozi osasiya kalata ya chuma chake, ndipo mbale wake Phineas atenga ndalama, katundu ndi nyumba, ponena kuti mwambo umlola. Neria apirira nthawi yaitali, kufikira pamene moyo wa ana ake ufika pachiswe, ndipo pamenepo apita ku bwalo la milandu.

Kanemayu sanapangidwe ndi mpingo, koma kwa achinyamata a m'dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa alankhula molunjika kuposa ambiri opangidwa ndi mipingo. Kuno ukwati uli wa malowolo, mkazi apita kukakhala kwa mwamuna, ndipo ana awerengedwa ku mtundu wa atate ao, monganso kwa Ashona a m'kanemamo. Ndiponso amuna ambiri a Mzimba ali ku Joni, natumiza ndalama zomangira nyumba za malata. Pamene mmodzi abwera m'bokosi, funso la Neria lifika pakhomo tsiku lomwelo. Chofooka cha kanemayu ndi Phineas, amene wajambulidwa woipa mopitiriza, kotero kuti palibe mnyamata amene angadzione mwa iye. Ndipo zigawo za kwa loya zimveka ngati phunziro la m'kalasi. Koma mphamvu yake iri mwa apongozi a Neria. Mai wokalambayo ayamba ali mbali ya mwana wake wamoyo ndi ya mwambo, ndipo pang'onopang'ono azindikira kuti mwambo umene unaikidwa kuti usunge wamasiye wasanduka chida chomlanda. Iye ndiye ali pa mphambano, ndipo zokambirana ziyambire pa iye. Kodi mwambo wolowa m'malo mwa mbale unali ndi cholinga chotani poyamba? Kodi Mkhristu angatengere mlamu wake ku bwalo, kapena apirire? Apa malembo ali ndi mau mbali zonse ziwiri: 1 Akorinto 6 achenjeza za kusumirana, pamene Luka 18 ayamikira mkazi wamasiye wosaleka kugogoda kwa woweruza, ndipo Numeri 27 asimba za ana akazi a Tselofekadi amene anapempha cholowa napatsidwa. Wotsogolera awonjeze kuti m'Malawi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linaika kulanda chuma chotere kukhala mlandu. Bvuto lotsala ndi chinenero, pakuti zolankhula zambiri ziri m'Chingelezi; pafunika kuimitsa kanemayo nthawi ndi nthawi ndi kufotokoza.

Wachinai ndiye The Boy Who Harnessed the Wind, wa chaka cha 2019, wopangidwa ndi Chiwetel Ejiofor potsata buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer la chaka cha 2009. Nkhani yake inachitika kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, limene lichita malire ndi Mzimba kumwera, ndipo kanemayo anajambulidwa m'Malawi momwemuno. Nthawi yake ndi ya njala ya 2001 ndi 2002, imene makolo a achinyamata a lero aikumbuka bwino. William achotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi, awerenga za makina oyendera mphepo m'nyumba ya mabuku, namanga ake ndi zitsulo zotola kudzala.

Ambiri amamuonetsa ngati phunziro la khama, ndipo akatero amataya zonona zake. Mwa makanema onse anaiwa, uyu ndiye wodzala ndi anthu a pa mphambano. William alowa m'nyumba ya mabuku poopseza mphunzitsi wake kuti akaulula chibwenzi chake ndi mlongo wake Annie: kodi chabwino chimene chinatsatapo chitsuka njira imeneyo? Wophunzira uphunzitsi aone pomwepo chenjezo lake la iye mwini. Atate ake, a Trywell, akaniza njinga yao, chuma chokhacho chotsala pakhomo, ndipo m'maso mwa mwana aoneka ouma mutu. Koma ndani mwa akulu angadule njinga yake m'chaka cha njala chifukwa cha chithunzi cha m'buku? Lamulo lachisanu la kulemekeza atate ndi amai liyesedwa apa m'njira imene mwana ali yense aimva. Anthu a m'mudzi agulitsa mitengo yao chifukwa cha usiwa, mfumu iriku wachenjeza. Anjala athyola nkhokwe za anzao. Annie achoka pakhomo ndi mphunzitsi uja kuti pachepe pakamwa pamodzi. Palibe mwa iwo amene ali mdierekezi, ndipo palibe mngelo.

Zofooka ziripo, ndipo woona wachilungamo azichule. M'kanemamo makinawo atunga madzi napulumutsa mudzi ku njala. M'mbiri yeniyeni makina oyamba anayatsa magetsi ndi wailesi m'nyumba ya kwao, ndipo zotunga madzi zinadza patapita zaka. Kusintha kumeneku kukometsa mathero, koma kungaphunzitse ana kuti njala ithetsedwa ndi mwana mmodzi wanzeru, pamene kanema yemweyo waonetsa kuti inadza ndi mvula, mitengo yodulidwa ndi kulephera kwa olamulira. Chinanso, osewera akulu ambiri si Amalawi, ndipo Chichewa chao chimveka chachilendo m'khutu la mwini chinenero, kupatula cha Amalawi monga Lily Banda. Gule wamkulu aonekanso kangapo, ndipo wotsogolera akonzeke kuyankha za iye modekha, osanyoza anansi a Chichewa. Ngakhale ziri tero, pa muyeso wonse uja kanemayu apambana anzake.

Potsiriza pali mau a kachitidwe. Wotsogolera ayambe waona kanema yense payekha, nadziwitse akulu a mpingo chimene afuna kuonetsa. Nthawi ya kukambirana isachepe poyerekeza ndi ya kuona. Mafunso akhale atatu kapena anai, ndipo loyamba lisakhale lakuti "Taphunzirapo chiani?" pakuti funso limenelo liitana yankho loloweza pamtima, koma afunse kuti, "Ukadakhala iwe, ukadachita chiani?" Asungwana apatsidwe mpata woyamba kulankhula, chifukwa anyamata akayamba iwo sayankhanso. Ndipo ngakhale kanema ali m'Chingelezi kapena m'Chichewa, kukambirana kuchitike m'chinenero chimene ana alankhula kwao, chimene ku Mzimba ndicho Chitumbuka. Mwana angathe kubwereza phunziro m'chinenero cha sukulu, koma za cholowa cha atate ake ndi za njala ya pakhomo pao adzazinena zoona m'chinenero cha amai ake chokha. Donald Fraser, amene anakhazikitsa misyoni ya Loudon ku Embangweni m'chaka cha 1902, anazindikira zimenezi pamene analimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo zao m'mayimbidwe a kwao. Mphunzitsi wa lero, pokhala ndi chida chimene Fraser analibe, achita bwino kutsata nzeru yomweyo.