Mtsempha umene dokotala amadula pomaliza

Anthu ena amabadwa ndi mitsempha ya magazi yopiringizana mu ubongo, imene madokotala amaitcha AVM. Pamalopo magazi ochokera kumtima amalowa mwaliwiro m'mitsempha yowabwezera kumtima, osadutsa m'timitsempha ting'onoting'ono towachepetsa mphamvu. Mitsempha yobwezerayo ndi yopyapyala. Pa anthu 100 amene ali ndi vutoli, awiri mpaka anayi imawaphulikira chaka chilichonse, ndipo sitiroko imatha kugwetsa mnyamata wa zaka 20 amene sanadwalepo BP. Ena amafa ziwalo, ena amamwalira, kumudzi n'kumaloza nkhalamba chala.

Opaleshoni yochotsa mpiringizowu ili ndi lamulo lake: mtsempha wotulutsa magazi umadulidwa pomaliza. Mlimi wa kachewere ku Bembeke sangavutike kumvetsa. Ukatseka kotulukira madzi mu ngalande kumtunda kukadali kotsegula, ngalandeyo imagumuka.

Dokotala akachotsa kachidutswa ka chigaza n'kuyang'ana pa maikulosikopu, amapeza mtsempha wobwezera magazi, umene umayenera kukhala wakuda, uli wofiira psuu, wotupa, ukugunda. Ndi umene uli pafupi, ndi umene ukuoneka woopsa, koma iye amaulambalala. Amayamba kusaka mitsempha yobweretsa magazi, umodziumodzi, kuiwotcha ndi kapanira wamagetsi kapena kuipana ndi tizitsulo, kenako kuidula. Wina umangodutsa pambali, ulendo wopita kukadyetsa chigawo cholankhulira kapena choyendetsa dzanja. Umenewo aulondole mpaka atsimikize, chifukwa akaudula wodwala adzuka wosalankhula. Yovuta kwenikweni ndi ya pansi penipeni, yaing'ono kwambiri, yosamva kuwotcha, imene ikaduka imathawira mkati mwa ubongo ikutaya magazi. Ntchito imatha maola ambiri munthu ali chikhalire, chigongono chili phee. Kenako mtsempha wofiira uja umafota n'kuyamba kuda. Apo ndiye dokotala amadziwa kuti magazi aleka kulowa, ndipo amaudula.

Lusoli analikulitsa ndi Gazi Yaşargil ku Zurich, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Koma ine ndimagoma kwambiri ndi dokotala wodziwa pobweza mpeni. Mu 1986 Robert Spetzler ndi Neil Martin anakonza muyeso wa 1 mpaka 5 woona kukula kwa mpiringizo, malo ake ndi kumene magazi akutulukira. Wa 5 kawirikawiri sachitidwa opaleshoni. Kafukufuku wa ARUBA wa 2014 anapezanso kuti kwa amene mitsempha yawo sinaphulikepo, kuigwira kunavulaza ambiri kuposa kuisiya, ngakhale madokotala amatsutsanabe za zimenezi.

Kwathu kuno madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka, ndipo Patrick Kamalo wa ku Queens ku Blantyre anasenza ntchitoyi pafupifupi yekha kwa zaka zambiri. Wodwala wa ku Dedza amayambira pachipatala chaboma, n'kutumizidwa ku Kamuzu Central kukajambulidwa mutu. Choncho wachinyamata akagwidwa ndi mutu wadzidzidzi woopsa, akakomoka ngati wakhunyu koyamba, kapena mbali imodzi ikafooka, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto.