Miyala Yomwetulira ya a Fanizani Akuda

A Fanizani Akuda sanalowepo m'kalasi ya zosemasema. Anabadwira ku Zambia mu 1932, Mchewa mnzathu, ndipo mu 1949 anapita ku Southern Rhodesia kukasaka ntchito. Ku Tengenenge, malo a osema miyala kufupi ndi Guruve, ntchito yawo poyamba inali yokumba miyala ya serpentine kuti ena aziisema. Kenaka nawonso anagwira zida zosemera.

Nkhope zimene ankasema zimandikhudza kwambiri: masaya onenepa, maso ongoti kamzere, milomo yosongoka ngati ikuimba mluzu, mayi atakumbatira ana onse akumwetulira. Mwala ndi wouma, wozizira, koma m'manja mwawo unkatuluka chikondi cha pabanja chenicheni. Anasema kwa zaka zambiri ku Chitungwiza, ndipo anamwalira mu 2011.