Otaku no Video: filimu yomwe idaona msika ukubwera

Sabata yatha ndidaonereranso kafilimu kakale ka ku Japan, Otaku no Video, komwe kampani ya Gainax idatulutsa mu 1991. Nditaonera koyamba ndidangoti n'nthabwala yoseka anthu openga ndi makatuni. Ulendo uno ayi ndithu, kuseka kudandithera pakhosi.

Nkhani yake njachidule. Kubo, mnyamata wa pa yunivesite wokonda tenesi, akumana ndi mnzake wakale Tanaka, yemwe amukokera m'kagulu ka okonda anime. Chibwenzi chimuthawa. Awiriwa ayamba bizinesi ya tizidole ta anthu a m'makatuni, ndalama zilowa, kenaka azibwana a masuti amulanda Kubo kampaniyo.

Eni filimuyi ankasimba za iwo okha. Hideaki Anno, Hiroyuki Yamaga ndi Takami Akai adali ana asukulu pomwe adajambula kakatuni kotsegulira msonkhano wa Daicon III ku Osaka mu 1981. Ena adatsatira pa Daicon IV mu 1983, ndipo mu 1984 Gainax idabadwa. Msonkhano wa ochemerera udabala kampani. Kampaniyo idalengeza kuti yagwa ndi ngongole mu 2024, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chondikhudza ine n'chimene chachitikira misonkhanoyo. Comiket ya ku Tokyo idayamba mu Disembala 1975 ndi timagulu 32 ndi anthu pafupifupi 700, ogulitsana timabuku tojambula okha. Mu Disembala 2019, pa masiku anayi, padafika anthu 750,000. Ku America, Anime Expo idayamba mu 1992 ku San Jose, ndipo kuchokera 2008 imadzaza holo yaikulu ya mzinda wa Los Angeles. Otakon idayambira m'katauni ka State College mu 1994, lero ili ku Washington. Masiku ano pafupifupi mzinda waukulu uliwonse uli ndi wakewake.

Ena amati n'chitukuko, ndipo sindingawatsutse kwathunthu. Mwana yemwe anzake ankamunyodola kusukulu chifukwa chokonda "zachibwana" amapeza anthu zikwizikwi onga iye. Mtsikana wosoka yekha chovala cha munthu wa m'katuni amapeza omuombera m'manja. Zimenezi sizochepa ayi.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kale kagulu kankadalirana: uyu ali ndi tepi ya vidiyo yochokera ku Japan, uyo amadziwa kumasulira, winayo ali ndi makina okopera. Ukafuna kuonera, umayenera kudziwana ndi anthu, ngakhale okutopetsa. Lero umalipira Crunchyroll, yomwe Sony idagula mu 2021, n'kuonera wekha kuchipinda. Ukapita kumsonkhano umagula tikiti, n'kuima pamzere maola angapo kuti kampani ikuuze chomwe udzagule chaka chamawa. Eti chimenecho n'chibale? Wochemerera uja wasanduka kasitomala, ndipo wa thumba lopyapyala amatsala kunja kwa geti.

Apa ndi pomwe filimuyi ili ndi mano, komanso pomwe idaphonya. Idaona bwino kuti chikondi cha Kubo chidzagulitsidwa. Koma idaganiza kuti wochemerera aliyense amalota kukhala mfumu ya bizinesi. Comiket ikutsutsa zimenezo. Ngakhale makampani ali ndi mbali yawo m'holo ya Tokyo Big Sight, matebulo ambiri ndi a timagulu tating'ono, ambiri mwa iwo osapeza phindu, ndipo ntchito yolondolera khamulo amagwira ndi anthu odzipereka. Amayi a gulu la CLAMP adayambira m'timabuku totere. Anthu ngati amenewa Gainax sidawapatse mpata wokwanira.

Magawo a zocheza zabodza, momwe anthu obisidwa nkhope amaulula "matenda" awo okonda anime, akalamba moipa. Mu 1991 kukonda zinthuzi kudali kochititsa manyazi ku Japan, choncho nthabwalayo inkaluma. Lero munthu amakwera sitima ya ku Tokyo atanyamula chikwama cha zojambulazo, wina osamucheukira n'komwe.