Sarafina: Mau a Gulu ndi Mau a Mmodzi

Aphunzitsi anzathu, ambiri a ife Sarafina tinamuona pa kanema wa 1992, koma sewerolo linabadwira pa bwalo la Market Theatre ku Johannesburg mu 1987. Nkhani yake ndi ya ana a sukulu a ku Soweto amene pa 16 Juni 1976 anakana kuphunzitsidwa m'Ciafrikaans, apolisi nkuwaombera.

Pogawa mbali, Mbongeni Ngema sanafune akatswiri ochuka. Anatola acinyamata a m'makomboni nawaphunzitsa miyezi yambiri. Leleti Khumalo wa ku KwaMashu anali ndi zaka 17 pamene anayamba kusewera Sarafina. Apa Ngema anaganiza bwino. Nyimbo zambiri, zimene anapeka pamodzi ndi Hugh Masekela, zimayenda monga kwaya ya ku chalichi: mmodzi atsogola, gulu livomera, besi ya anyamata ili pansi. Tero womvera amamva kalasi lonse likuukira, osati mtsikana mmodzi yekha. Ndimo zinaliri ku Soweto.

Kanema uja anasuntha katundu. Mbali ya mphunzitsi anaikuza naipatsa Whoopi Goldberg wa ku America. Ndi katswiri, inde, sitikana. Koma maso athu amathamangira kwa iye, anawo nkukhala ngati omperekeza. Lilime lakenso si la ku Soweto, cikhalireco mlandu wonse ndi wa cilankhulo! Amene anakwanira pa mbali yake ndi Miriam Makeba, mai wa Sarafina, wanchito m'nyumba ya azungu. Mphindi zake nzocepa, koma iyeyu anakhala zaka 30 kunja kwa dziko lake cifukwa ca tsankho lomwelo, ndipo akatsegula pakamwa zimamveka.