Mabuku Aŵiri a ku America ndi Banja la ku Lirangwe

Pakati pa mabuku amene atifika m'zaka zapitazi okamba za mkazi, banja ndi ndale, alipo aŵiri olembedwa ndi amayi achikatolika a ku America amene tiyenera kuŵaŵerenga mofatsa tisanakwere nawo pa guwa. Loyamba ndi The Rights of Women la Erika Bachiochi, katswiri wa malamulo, lotuluka mu 2021. Lachiŵiri ndi The End of Woman la Carrie Gress, wophunzira filosofi, lotuluka mu 2023. Onse aŵiri amateteza moyo wa mwana wosabadwa, amalemekeza ukwati ndi umayi, ndipo amakhulupirira kuti kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi nkochokera kwa Mlengi. Funso lathu ndi lakuti kodi wansembe kapena katekisiti wa ku Lirangwe angatolemo chiyani chothandiza mabanja amene amaŵatumikira.

Chodabwitsa nchakuti alembi aŵiriŵa, ngakhale ali a chikhulupiriro chimodzi, amasiyana kotheratu pa munthu mmodzi, Mary Wollstonecraft wa ku England, amene mu 1792 adalemba buku lotchuka lopempha kuti akazi aphunzitsidwe monga amuna. Kwa Gress, mayiyu ndiye gwero la matenda: kuchokera kwa iye ndi anzake, kudzera mwa Simone de Beauvoir ndi Betty Friedan, padayenda mzere umodzi umene udaphunzitsa mkazi kuyesa ufulu wake ndi muyeso wa mwamuna, mpaka tanthauzo la mkazi lidasokonezeka. Kwa Bachiochi, Wollstonecraft yemweyo adaphunzitsa kuti ufulu umabadwa kuchokera ku udindo, ndi kuti munthu amafuna ufulu kuti athe kuchita zabwino kwa Mulungu, kwa ana ake ndi kwa anzake. Cholakwa chidadza pambuyo pake, pamene omenyera ufulu wa amayi adavomera kuti mkazi adzafanana ndi mwamuna pokhapokha atamasulidwa ku mimba ndi ku ana, monga mmene msika wa ntchito umafunira.

Pa mfundo iyi tikuwona kuti Bachiochi ndiye waima pabwino. Gress amadalira kwambiri kufotokoza moyo wosokonekera wa anthu amene akutsutsana nawo, ndipo nkhanizo zimakoka mtima. Koma m'kalasi ya lojiki tidaphunzira kuti mbiri yoipa ya mphunzitsi sitsimikiza kuti chiphunzitso chake nchabodza. Kuwonjezera apo, pokana mtengo wonse pamodzi ndi mizu yake, iye wapitirira pamene Eklezia adaima. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, m'kalata yake kwa amayi ya 1995, adayamikira akazi amene adavutika pomenyera ufulu wao, ndipo m'kalata ya Mulieris Dignitatem ya 1988 adaŵerenga Genesis 3:16 mosonyeza kuti kupondereza kwa mwamuna ndi chipatso cha tchimo, osati chifuniro cha Mulungu pa chiyambi.

Komabe vuto lalikulu la mabukuŵa kwa ife lili pena. Tomasi wa ku Aquino amatikumbutsa kuti chinthu chilichonse chimalandiridwa molingana ndi mkhalidwe wa wochilandira. Gress akulira chifukwa cha kugwetsedwa kwa ulamuliro wa bambo m'nyumba. Nanga m'midzi yambiri ya ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumene anthu amatsata chikamwini, ulamuliro umenewo udaliko liti? Kuno mwamuna amakamanga nyumba kwao kwa mkazi, munda umayenda m'mbumba ya mkazi, ndipo mlandu wa ana ukabuka amaitanidwa malume, mwini mbumba. Bambo wobereka nthaŵi zambiri amakhala ngati mlendo pakati pa ana ake omwe, ndipo banja likavuta amanyamula mkeka wake nabwerera kwao. Mlaliki amene angaŵerenge Gress usiku, m'maŵa nakalalika kuti amayi alanda mpando wa abambo chifukwa cha mabuku a azungu, adzakhala ngati sing'anga wopereka mankhwala a mutu kwa wodwala mwendo. Choopsa nchakuti mwamuna womenya mkazi wake, atakhala kumbuyo kwa tchalitchi, adzamva ngati wapatsidwa chilolezo.

Ndiponso sitinganene kuti chikamwini chidapatsa mkazi mtendere wonse. Pano tithandizidwa ndi buku la kwathu konkuno, Women, Presbyterianism and Patriarchy la Isabel Apawo Phiri, lotuluka mu 1997 m'gulu la mabuku a Kachere. Ngakhale limakamba za Acheŵa a m'chigawo chapakati ndi za Sinodi ya Nkhoma, likuwonetsa zinthu zimene timazidziŵa kunonso: kuti mkazi adali ndi ulemu monga tsinde la mtundu, mpaka kukhala ndi udindo pa chipembedzo monga Makewana wa ku Msinja, koma kuti mphamvu zambiri zidali m'manja mwa alongo ake ndi amalume ake, ndi kuti mipingo pofika idachotsa zina zoipa nichotsanso zina zimene zidampatsa mkazi mau. Sitigwirizana ndi Phiri pa zonse, makamaka pa za unsembe, pakuti Eklezia Katolika ali ndi chiphunzitso chake pa nkhaniyo. Koma iye akulongosola mudzi umene timaudziŵa, pamene alembi a ku America akulongosola mudzi wao.

Chimene chidachotsa abambo m'nyumba zathu tikuchidziŵa. Kwa zaka zambiri amuna adapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege yonyamula anthu athu idagwa ku Francistown mu 1974 ndipo boma lidaimitsa ulendowo kwa kanthaŵi. Lero adzukulu ao akukwera basi kupita ku Johannesburg, kusiya mkazi ndi khasu, ana ndi ngongole ya feteleza. Apa ndi pamene Bachiochi amatithandiza koposa, chifukwa amaumirira kuti kulera ana ndi ntchito ya bambo ndi mayi pamodzi, kuti mwamuna ayenera kuitanidwa ku kudziletsa ndi ku udindo, ndi kuti chuma cha dziko chiyenera kugonjera banja. Maganizo ameneŵa akugwirizana ndi Familiaris Consortio ya 1981, ndipo angathe kulalikidwa ku mphakati uliwonse popanda kusintha kwambiri.

Pa za ndale, tili ndi phunziro limene alembi onse aŵiri sakadalidziŵa. Dr. Kamuzu Banda adatenga mau a m'banja naŵaloŵetsa m'chipani: iye adadzitcha Nkhoswe ya amayi onse, amayiwo nakhala mbumba yake, yovala nsalu za nkhope yake ndi kuvina pa misonkhano. Mu 1973 lamulo la kavalidwe lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Zonsezi zidachitika m'dzina la mwambo ndi ulemu wa mkazi, m'dziko limene anthu ankatsekeredwa popanda mlandu, mpaka Aepiskopi athu adalankhula m'kalata ya Lenti ya 1992. Tidaphunzira pamenepo kuti wolamulira angathe kutamanda umayi ndi pakamwa kwinaku akugwiritsa ntchito amayi monga chokongoletsa. Nchifukwa chake mkhristu wosunga mwambo sayenera kuthamangira aliyense wonena mau okoma a banja, ndiponso sayenera kukana lamulo lililonse chifukwa chakuti olimenyera amadzitcha omenyera ufulu wa amayi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kumene kudatseka khomo la ukwati wa mwana wosafika zaka 18, zonsezi zimateteza anthu amene Malembo Oyera amatilamula kuteteza.

Tikulangiza tsono kuti buku la Bachiochi liŵerengedwe m'chaka cha filosofi, pamodzi ndi makalata a Papa, ndipo la Phiri likhale pambali pake monga mboni ya kwathu. La Gress liŵerengedwe pambuyo, ndi mphunzitsi wothandiza ophunzira kusiyanitsa mfundo ndi mkwiyo. Buku limene likusoŵabe ndi lofotokoza Aefeso 5 kwa mkamwini, kwa malume ndi kwa mayi amene mwamuna wake ali ku Johannesburg, ndipo loyenera kulembedwa m'Chicheŵa ndi anthu amene adakhalapo pa bwalo la ankhoswe, amayi a m'miphakati yathu ali m'gulu la olemba.