Kacezedwe ka Anthu m'Buku la Nthondo

Buku la Nthondo linalembedwa ndi Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma. M'caka ca 1933 bukuli linalandira mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Afrika, ndipo m'caka ca 1934 T. Cullen Young analitembenuza m'Cingerezi nalicha Man of Africa.

Nkhani yace njosabvuta kuitsata. Nthondo anabadwira m'mudzi wa Acewa, ndipo atate wace anamwalira iye akali mwana. Anakula ndi khalidwe loipa la kuba, napita kutali kukafuna nchito, nabwerera kwao, nalowa ufumu, ndipo potsiriza anatembenuka mtima nakhala Mkristu.

Koma ubwino weniweni wa bukuli suli m'maulendo a Nthondo ai. Uli m'kacezedwe ka anthu. Munthu akadwala, abale amakambirana za koombeza ula. Maliro akagwa, kapena mlandu ukabuka, akulu amakhala pansi nayala nkhaniyo pang'onopang'ono, wina nayankha mnzace atatsiriza. Ntara anachera khutu ku zonsezi nazilemba monga momwe anthu amalankhulira. Cotero wowerenga amadziwa mtima wa munthu pakumva mau ace, ngakhale wolembayo asamuuze kuti uyu ngwanzeru, uyu ngwopusa.

Cilema ca bukuli cili ca kumapeto. Kumeneko nkhani imathamanga, ndipo mau a wolemba amamveka ngati ulaliki. Kutembenuka kwa Nthondo kukanakhudza mtima koposa Ntara akanalola anthu a m'mudzimo kukambirana za cinthuco mofatsa, monga anacitira m'mitu yoyamba.

Nanga buku lakale lotere lingathandize bwanji munthu wa lero? Masiku ano lamya za m'manja zafika ndi kumidzi komwe. Nzothandiza ndithu, pakuti mwana ali ku Johannesburg amamva mau a amai ace ali ku Dowa tsiku lomwelo. Koma zabweretsanso cizolowezi ca kumva ndi khutu limodzi. Mnyamata amapereka moni kwa mkulu maso ali pa lamya, ndipo ngakhale pasiwa ena amaturuka pakati pa mau a cipepeso kukayankha. Colakwa si lamyayo ai, koma kuiwala kuti kumvetsera ndiwo ulemu woyamba. Munthu amene sanamvedwe pabwalo amapita kwao ndi mlandu wace mumtima, ndipo udani umayambira pomwepo.

Cifukwa cace ophunzira a sukulu za kwaca angacite bwino kuwerenga Nthondo mokweza, yense natenga mau a munthu mmodzi wa m'nkhaniyo. Potero adzaphunzira zinthu ziwiri pamodzi: kuwerenga bwino, ndi kudikira kufikira mnzao atatsiriza kulankhula.